Ulongué mpaka ku Songo pa njinga: mabuleki, madzi ndi minga

Wofuna kuyendera chigawo cha Tete ku Mozambique pa njinga yakapalasa ayambe waona kukwera ndi kutsika kwa dziko asanawerenge makilomita. Tauni ya Ulongué ku Angónia ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere. Mzinda wa Tete uli m'chigwa cha Zambezi, sufika ngakhale pa mamita 200. Songo, pamwamba pa damu la Cahora Bassa, yakweranso kufika pa mamita pafupifupi 900. Ndiye kuti paulendo umodzi womwewo munyamuka mutavala juzi, pakati pa njira muzifunafuna mthunzi wa mlambe, kumapeto muzikankha njinga pachitunda. Chifukwa cha ichi ine ndimalangiza kuyambira kumtunda kutsikira kuchigwa, pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kwa mumzinda wa Tete kumapyola madigiri 40, ndipo kupalasa masana nthawi imeneyo ndi kudziputira matenda dala. M'dzinja namo, kuyambira Disembala mpaka Malichi, misewu yafumbi ya ku Angónia imasanduka thope lomata lomwe limadzaza pakati pa tayala ndi madigadi mpaka gudumu kukana kuzungulira.

Musathamangire kutsika. Khalani masiku awiri kumtundako kuti miyendo izolowere ndiponso njinga ionetse zofooka zake mukadali pafupi ndi okonza. Ulendo wabwino woyesera ndi wolowera kumpoto cha ku Lifidzi mpaka ku Dómuè, komwe kuli phiri la mamita 2,095, lalitali kuposa onse m'chigawo chino. Njira yake ndi yokwera n'kutsika pakati pa minda ya chimanga, nyemba ndi mbatata ya kachewere, ndipo mutha kupita n'kubwerera tsiku lomwelo ngati katundu mwamusiya kogona. Nyamukani kutacha bwino chifukwa mu Juni ndi Julayi m'madambo mumazizira kwambiri mamawa, zala zimauma osagwira buleki. Cha ku Tsangano n'kokongola kuposa apa koma misewu yake ndi yamiyala ndipo zitunda zake n'zowawa. Ndi kwa amene anazolowera kale. Kufupi ndi malire foni imakonda kulumphira pa netiweki ya ku Malawi, choncho zimitsani intaneti mukamayenda m'mbali mwa malire kuti ndalama zisathere chabe.

Njinga yake isakhale yachilendo kwambiri. Matayala a 26, onenepa mainchi awiri, ndi amene machubu ake mungawapeze pamsika uliwonse, limodzi ndi a 28 a njinga zathu za kabaza. Matayala owonda a njinga zampikisano akaphulika kumudzi mwagona pomwepo. Gudumu lakumbuyo likhale la masipoko 36. Magiya akhale ndi giya yofewa yeniyeni: kutsogolo mano 22 kapena 24, kumbuyo mano 34 kapena 36. Yopanda magiya imayendanso, anthu amatsitsira makala ndi mbatata tsiku ndi tsiku, koma vomerani kuti pachitunda chilichonse chachikulu muzitsika n'kukankha. Katundu asapyole makilogalamu 20 kuphatikizapo madzi, ndipo zolemera zikhale pansi m'zikwama za m'mbali mwa kaliyala, osati mulu wautali kumbuyo kwa chishalo. Mulu wotere umagwedeza njinga potsika mpaka handulo kuyamba kunjenjemera yokha.

Kuchoka ku Ulongué mutenga msewu wa tala wa N304 wolowera kummwera mpaka pamphambano ya Mussacama, pomwe ukumana ndi N7 wochokera kuchipata cha Zóbuè. Ndi makilomita oposa 100. Anyamata amphamvu amaudula tsiku limodzi, koma kuugawa pawiri n'kwanzeru chifukwa si kutsika kokhakokha monga amaganizira ambiri. Mitsinje yambiri yadula msewuwu, ndipo mukatsikira pamlatho uliwonse mukweranso tsidya linalo.

Pa mabuleki mpofunika kuchedwapo. Njinga yolemera ikamatsika chitsikwe chachitali mutafinya mabuleki osasiya, mphira zimatenthetsa limu. Limu ikatentha mpweya wa m'chubu umafufuma, guluu wa zigamba zakale amafewa, ndipo chubu imaphulika pomwe liwiro lili lalikulu. Nthawi zina mphira zokhazo zimasalala n'kuleka kugwira. Njira yake ndi kufinya mwamphamvu kwakanthawi, liwiro likatsika n'kusiya, kenaka kufinyanso, mukusinthanitsa ya kutsogolo ndi ya kumbuyo. Mukatsika makilomita awiri kapena atatu imani mukhudze limu ndi kuseri kwa chala. Ngati simungapirire kuikhudza, khalani pansi mphindi khumi. Musanayambe kutsika musapope matayala mpaka kuuma gwa, siyani kampata. Chepetsani liwiro musanalowe pakona, chifukwa buleki ya kutsogolo yofinyidwa pakati pa kona pomwe pali mchenga ndi imene imagwetsa anthu. Mabuleki a disiki satenthetsa chubu, koma mapadi ake simuwapeza m'misika yakumudzi, ndiye nyamulani mapeyala awiri apadera. A mabuleki a waya nyamulani waya mmodzi wa kumbuyo, poti ndi wautali ndipo mutha kumudula kuti agwire kutsogolo.

Mukalowa mu N7 mwalowa m'njira ya malole opita ndi kuchokera ku Malawi. Yendani kumanzere kwenikweni, valani chowala, ndipo kagalasi koonera kumbuyo n'kofunika kuposa belu. Malole awiri akamakumana pafupi nanu musalimbane nawo, tulukani pa tala. Koma chenjerani pobwerera: m'mphepete mwa tala mumakhala podyeka pokhala ngati sitepe, ndipo tayala likakhudza pamenepo chopendekera limaterereka. Imani, kwezani njinga bwinobwino. Kuchokera ku Mussacama kudzera ku Capirizanje mpaka ku Moatize dziko limasintha mukuliona: mpweya umalemera, mitengo ya milambe ndi masau imayamba, ndipo moni wa pamsewu umasanduka wa Chinyungwe, ngakhale kuti mumvana ndithu. Ku Moatize, kwa migodi ya malasha, fumbi ndi magalimoto n'zambiri. Makilomita 20 otsala kukafika ku Tete, kuoloka mtsinje wa Revúbuè, ayendeni mamawa. Mulowa mumzinda pooloka Zambezi pa mlatho wolenjekeka wa Samora Machel, wa mu 1973. Malole olemera ambiri tsopano amadzera pa mlatho wa Kassuende womwe unatsegulidwa mu 2014 kumunsi kwa mzinda, choncho wakalewu wapepukako kwa apanjinga. Samalani polumikizira zitsulo za mlathowo.

Kuyambira pano wolamula ulendo ndi madzi. M'chigwa werengerani lita imodzi pa ola lililonse lopalasa, ndipo musachoke pamjigo opanda malita 5 kapena 6. Dzukani kuti 5 koloko ikupezeni pamsewu, pofika 11 koloko mukhale mwaima pamthunzi, mudzapitirize cha m'ma 3 koloko. Madzi okha sakwanira poti thukuta limachotsa mchere: mu lita imodzi sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, muzimwa mosinthanitsa ndi madzi wamba. Mkodzo ukada, mutu ukayamba kuwawa, kapena minofu ya m'miyendo ikayamba kukokana, mwachedwa kale kumwa, imani pomwepo. Thukuta likasiya kutuluka thupi likutentha ndipo munthu akuyankhula zosokonekera, imeneyo ndi ngozi: mthirireni madzi, mukupizeni, mufune galimoto yopita kuchipatala. Madzi a pachitsime kapena a mumtsinje muthiremo mankhwala oyeretsera madzi a Certeza monga alembera pabotolo n'kudikira mphindi 30. Malungo ndi ambiri m'chigwachi, neti isatsale.

Vuto lachiwiri ndi minga. Mthunzi womwe mukuufunawo ndi pomwe pali minga ya masau ndi ya mitengo ina yaminga, ndiye mukamapatuka pamsewu nyamulani njinga m'manja, musaikankhe pansi. Musanakwerenso zungulitsani matayala muchotse minga yomwe yangobaya pamwamba isanalowe. Chubu ikaboola, musaike ina musanayendetse chala pang'onopang'ono mkati monse mwa tayala. Munga wotsalamo uboolanso yatsopanoyo musanathe kilomita. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa cha phuma. Palani pobookapo ndi sandipepala malo okulirapo kuposa chigamba, pakani guluu wochepa, dikirani mphindi zisanu mpaka asiye kunyezimira, kenaka matani n'kupsinja mwamphamvu ndi chogwirira sipanala. Guluu wotsegula kale amauma m'chikwama ndi kutentha kwa ku Tete, choncho timachubu tiwiri tating'ono tosatsegula tiposa kamodzi kakakulu. Machubu apadera akhale awiri. Tcheni musachithire oyilo wambiri, fumbi likasakanikirana naye limadya mano a magiya. Dontho limodzi pamfundo iliyonse, kenaka pukutani ndi kansalu. Sipoko ikaduka, kawirikawiri imakhala ya kumbuyo mbali ya tcheni. Ikulungeni pa inzake kuti isakole, masulani pang'ono ziwiri zoyandikana nayo za mbali inayo mpaka limu isiye kukhula buleki, muyende modekha mpaka kwa wokonza.

Ngati muli ndi tsiku lopuma ku Tete, mishoni yakale ya Boroma, yomwe anamanga ansembe achiJezuiti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ili makilomita pafupifupi 25 kumtunda kwa Zambezi. Ndi ulendo wa mamawa wopanda katundu.

Tete mpaka ku Songo ndi makilomita pafupifupi 150. Mutuluka ndi N7 molowera ku Changara, n'kupatukira kumanja pa Matambo. Apa malole amachepa, midzi imatalikirana, mbuzi ndi zimene zimadutsa pamsewu mosayang'ana. Gonani ku Chitima, komwe akuluakulu amatchulabe kuti Estima, kuti chitunda cha ku Songo mukachiyambe kusanatenthe. Chitundachi n'chokhotakhota, ndipo apa mpomwe giya ya mano 34 ija imalipira mtengo wake. Lowani giya yofewa chitunda chisanakulemereni, chifukwa kusintha giya mukuponda mwamphamvu ndi kumene kumadula tcheni. Khalani pachishalo, pondani mofulumira koma mopepuka, ndipo pamakona musadutsire mbali ya magalimoto otsika. Kukankha si manyazi.

Damulo linatsekedwa kumapeto kwa 1974, khoma lake n'lotalika mamita 171, ndipo makina ake asanu amatulutsa magetsi okwana mamegawati 2,075. Nyanja yomwe linapanga yatambalala makilomita oposa 200 kulowera kumadzulo cha ku Zumbo. Malo a damu ndi otetezedwa, choncho nyamulani chiphaso chanu, ndipo wofuna kuona mkati apemphe chilolezo ku Hidroeléctrica de Cahora Bassa, kampani yoyendetsa damuli, ku Songo komweko asanatsike. Msewu wotsikira kumadzi ndi waufupi koma wotsetsereka kwambiri, ndiye siyani zikwama kogona, ndipo kumbukirani za limu ija. M'nyanjamo muli ng'ona ndi mvuu. Ngakhale thupi litatentha bwanji musasambe pomwe eni dera sasamba, ndipo tenti musamange m'mphepete mwa madzi pomwe mvuu zimatulukira usiku. Kumidzi kulikonse pemphani malo kwa amfumu kapena kwa mlembi wa dera dzuwa lisanalowe, adzakuonetsani pabwino.

Ndalama nyamulani ma metical ang'onoang'ono, poti wogulitsa kapenta kapena nsomba youma ya chicoa sakhala ndi chenji cha 1,000. Kumidzi netiweki ya Movitel ndi imene imapezeka kwambiri, ndiye kukhala ndi e-Mola, ndalama za pafoni za Movitel, pambali pa M-Pesa ya Vodacom n'kothandiza. Pobwerera ku Angónia kwerani chapa, minibasi ya kumeneko: chotsani mapedulo, tembenuzani handulo, kulungani giya ya kumbuyo ndi katoni, ndipo muime pomwepo pamene akumanga njinga padenga kuti mbali ya tcheni iyang'ane kumwamba ndiponso asaikepo matumba a nsomba.