Ma care worker a ku UK, nkhani yoitana banja tiyeni tiuzane zoona

Mpaka pano kuli ma agent amene akumauzabe anthu kuti "inu ingotsogolani, madamu ndi ana muwaitana mukakhazikika." Bodza abale. Amene analowa pa visa ya care worker (ntchito yosamalira okalamba ndi odwala) kuyambira pa 11 Malichi 2024 saloledwa kuitana mkazi, mwamuna kapena ana, kaya mukugwira mashifiti usiku ndi usana, kaya muakaunti muli ndalama zingati, Home Office, unduna woona za ma visa ku UK, sikumvako zimenezo. Ndipo kuyambira pa 22 Julaye 2025 anasiyiratu kutenga ma care worker atsopano ochokera kunja, ndiye amene akukuitanitsani ndalama ya ntchito imeneyi muli ku Lilongwe angokudyerani basi.

Chifukwa chake boma lawo linanena lokha mu Disembala 2023, kudzera mwa nduna ya Home Office ya nthawi imeneyo James Cleverly, kuti m'chaka chimodzi ma care worker pafupifupi 100,000 anabwera ndi achibale pafupifupi 120,000, ndiye akuti chiwerengero chachuluka. Manja osambitsa nkhalamba zawo akuwafuna koma ana a manja amenewo ayi, ine zimenezi zimandiwawa ndithu.

Amene anali kale pa visa imeneyi tsiku la 11 Malichi 2024 lisanafike akhoza kuitanabe, manesi ndi madokotala nawonso zawo zili bwino. Koma apa mpamene ife a ku Malawi timapunthwa, chifukwa banja kwa iwo ndi mkazi kapena mwamuna wako ndi ana osafika zaka 18, kwatha. Mayi ako ayi, mng'ono wako amene ukumulipirira fizi ayi, mwana wa malemu achemwali amene wamulera kuyambira ali khanda ndipo amakuitana kuti amayi, popanda mapepala a khothi ameneyo samuwerengera kuti ndi wako.

Ndiye pali ina iyi yovuta kwambiri kwa azimayi olera okha ana. Ngati bambo wa mwana ali moyo ndipo sakubwera nawo, uyenera kuonetsa umboni kuti udindo wonse wa mwanayo uli pa iwe wekha, sukulu amasankha ndiwe, kuchipatala amafunsa iwe, ndalama umatumiza ndiwe. Kwathu kusiya mwana kwa agogo ake n'chinthu wamba, palibe amalemberana kalata, koma wa ku Home Office uja akaona kuti agogo ndi amene amapanga chilichonse akhoza kukana. Choncho malisiti otumizira ndalama musataye, makalata a kusukulu azikhala ndi dzina lanu, ngakhale mameseji a pa WhatsApp ndi aphunzitsi sungani.

Ndalama yoonetsa kubanki siyoopsa kwenikweni, £285 ya mkazi kapena mwamuna, £315 mwana woyamba, £200 aliyense wotsatira, ndipo a visa ya zaumoyo, kuphatikizapo ma care worker, salipira £1,035 ya NHS (zipatala za boma la UK) imene ena amalipira chaka chilichonse. Kuyezetsa TB kokha musaiwale, satifiketi yake imatha pakapita miyezi 6 ndiye osathamangira kuyezetsa ana mapasipoti asanatuluke.