Mmene ndinaphatikizira zithunzi zitatu kukhala chimodzi ndi layer mask

Ndinali ndi zithunzi zitatu zoti zikhale pa pepala limodzi: nkhope ya mnzanga woimba gitala, manja ake ali pa nsambo, ndi nyanja dzuwa likulowa. Sindinkafuna zoti zingoyandikana, chilichonse m'kabokosi kake. Ndinkafuna china chizisungunukira mwa chinzake moti woona asadziwe pomwe chathera.

Ndinagwiritsa ntchito GIMP, pulogalamu yaulere. Amene muli ndi Photoshop musadandaule, nzeru yake ndi imodzimodzi, kusiyana kuli pa mabatani ochepa chabe. Photoshop inabweretsa ma layer, magawo a chithunzi osanjikizana ngati mapepala oonekera mkati, mu 1994, ndipo lero pulogalamu iliyonse yokonzera zithunzi yodalirika ili nawo.

Ndinayamba ndi kukula kwa pepala. Popeza chithunzicho chinali choti chisindikizidwe pa A4, ndinatsegula fayilo yatsopano ya mapikiselo 2480 m'mimba ndi 3508 mulitali, zomwe zimapereka mapikiselo 300 pa inchi iliyonse. Izi ndi zofunika kuziganizira koyambirira, chifukwa chithunzi chachikulu chikachepetsedwa chimaonekabe bwino, koma chaching'ono chikakokedwa kuti chikule chimachita mbuu. Kenako ndinapita pa File, ndi kusankha Open as Layers, zithunzi zonse zitatu zinalowa, chilichonse pa layer yakeyake. Nyanja ndinaiika pansi penipeni, manja pakati, nkhope pamwamba. Ndi Scale ndi Move ndinazisuntha mpaka zinakhala pomwe ndimafuna. Ndinaonetsetsa kuti zikusanjikizana kwambiri m'mphepete, chifukwa kusungunuka kumafuna malo. Zikangokhudzana pang'ono, palibe chosakaniza.

Tsopano mask, chophimba chimene chimabisa kapena kuonetsa mbali za layer. Ndinadina layer ya nkhope ndi batani lakumanja la mausi, ndi kusankha Add Layer Mask, kenako White. Pambali pa kachithunzi ka layer panabwera kabokosi koyera, koma pa chithunzi chenichenicho palibe chinasintha. Lamulo lake ndi lalifupi: choyera chimaonetsa, chakuda chimabisa, chotuwa chimaonetsa mwa apo ndi apo. Pakati pa chakuda ndi choyera pali magawo 256, kuyambira 0 mpaka 255, ndipo kusungunuka konse kumachokera m'magawo apakatiwo. Ubwino wake ndi woti palibe chimene chimafufutika. Ukapaka chakuda khutu labisika, ukapaka choyera labwerera lonse. Chofufutira wamba sichichita zimenezi. Chikadya chadya, ukangotseka fayilo basi zathera pomwepo. N'chifukwa chake ine pa ntchito yotere chofufutira sindichikhudza n'komwe.

Musanapake chilichonse, yang'anani kuti mzere woyera wazungulira kabokosi ka mask osati kachithunzi ka layer. Apo ayi utoto wakuda ugwera pankhope pa munthu.

Ndinadina D pa kiyibodi kuti mitundu ibwerere pa chakuda ndi choyera, kenako G kuti nditenge Gradient, chida chopaka mtundu wosintha pang'onopang'ono kupita ku wina. Ndinakoka mzere kuchokera m'munsi mwa chithunzi cha nkhope kukafika pachibwano. Mapewa ndi malaya zinazimiririka pang'onopang'ono, manja ndi gitala zikutulukira pansi pake. Utali wa mzerewo ndi umene umalamula zonse: ukakoka waufupi malire amaoneka, ukakoka wautali kusinthako kumakhala kofewa. Ndinagwira Ctrl pokoka kuti mzere usapendekeke.

Apa pali kanthu kamene kamasokoneza ambiri. Gradient yochoka pa chakuda kupita pa choyera imadzaza mask yonse, ndiye ukakoka yachiwiri kumbali, yoyamba ija imafafanizika. Ine ndinkafuna m'munsi ndi kumanzere komwe mubisike, choncho ndinasintha gradient kukhala FG to Transparent. Imeneyi imangoika chakuda kumene wayambira, kwinako imasiya mmene kunalili, ndiye ukhoza kukoka kuchokera mbali zonse zinayi, chilichonse chikuwonjezera pa chinzake.

Gradient itachita ntchito yaikulu, ndinatsala ndi tsitsi ndi khoma lomwe linali kuseri kwa mutu. Ndinatenga burashi yofewa m'mphepete, yaikulu ndithu, ndi kutsitsa mphamvu yake kufika pa 30 peresenti. Burashi yamphamvu zonse imasiya mikwingwirima yooneka. Yofooka imakulola kubwereza pamalo amodzi mpaka khoma litachoka mmene ukufunira. Chala changa chakumanzere chinakhala pa X nthawi yonseyi, batani losinthanitsa chakuda ndi choyera. Ndikadya kwambiri tsitsi, X, ndabweza. Ndikabweza ndi khoma lomwe, X, ndabisanso. Pafupi ndi tsaya ndinachepetsa burashi ndi kukulitsa chithunzi, chifukwa khungu likayamba kuonekera nyanja mkati, munthu amaoneka ngati mzukwa.

Kuti ndione zomwe ndapaka, ndinadina kabokosi ka mask nditagwira Alt, ndipo mask yokha inadzaza sikirini. Pamenepo timadontho toyera tomwe ndinatidumpha m'makona tinaoneka poyera. Mu GIMP 2.10, kudina utagwira Ctrl kumazimitsa mask kwa kanthawi kuti uyerekeze ndi chithunzi choyambirira; mu Photoshop ndi Shift. Pamene panali malire akuthwa ndinapaka Gaussian Blur, yofewetsa malire, pang'ono pa mask yomweyo. Layer ya manja ndinaichita chimodzimodzi, ndipo sinavute.

Malire onse atasalala, chithunzicho chinkaonekabe kuti ndi zidutswa zitatu. Vuto silinali mask ayi, linali kuwala. Nkhope inajambulidwa m'nyumba, kuwala kwake kozizira, kopita ku buluu, pomwe nyanja inali yofiirira ndi dzuwa lamadzulo. Diso limagwira kusiyana kotere msanga kuposa mmene limagwirira malire. Ndinadina kachithunzi ka layer ya nkhope, osati mask, ndi kutsegula Color Balance, n'kuwonjezera chofiira ndi chachikasu pang'ono. Ndi Curves ndinadetsa malo amthunzi kuti afanane ndi a pa manja. Panalinso nkhani ya mbali yomwe kuwala kukuchokera: pankhope kunkachokera kumanja, dzuwa lili kumanzere. Ndinatembenuza chithunzi cha nyanja ndi Flip, popeza madzi alibe kumanja kapena kumanzere. Manjawo sindikanawatembenuza, woimbayo akanasanduka wamanzere. Mitundu ikakaniratu kugwirizana, njira yachidule ndi kuchotsa mitundu pa zithunzi zonse kuti zikhale zakuda ndi zoyera, koma zanga sizinafike pamenepo.

Ndinasunga mafayilo awiri. Yoyamba ndi XCF, yomwe imasunga ma layer ndi ma mask onse kuti ndidzathe kusinthanso. Ya Photoshop ndi PSD. Yachiwiri ndinaitulutsa ndi Export As ngati JPEG yopita kosindikiza. JPEG imaphwatalala zonse kukhala layer imodzi ndipo sisunga malo oonekera mkati, choncho ngati m'mphepete mwa ntchito yanu mwasiya mopanda kanthu mwadala, tulutsani ngati PNG.