Sabata imodzi m'chipinda cha fluoroscopy

Lolemba m'mawa ndinalandira bambo wina wachikulire amene kwa miyezi ingapo chakudya chinkawaima pakhosi. Ntchito yanga ndi yojambula odwala ndi makina a X-ray, ndipo sabata imeneyi ndinali m'chipinda cha fluoroscopy, momwe sitijambula chithunzi chimodzi chongoima, koma timaonera pa sikirini zimene zikuchitika m'thupi nthawi yomweyo. Chubu chotulutsa cheza cha X-ray chimakhala kunsi kwa bedi, chipangizo cholandira chezacho chimakhala pamwamba pa wodwala, ndipo popeza mafupa amatchinga cheza chambiri kuposa minofu, kusiyana kumeneku ndi kumene kumabala chithunzi.

Mmero suoneka bwino pawokha, choncho tinawapatsa barium, madzi oyera a phalaphala amene cheza sichiwadutsa mosavuta. Ndinati, "Bambo, musunge m'kamwa, musameze mpaka nditakuuzani." Nditaponda chopondera cha makina n'kuwauza kuti ameze, ine ndi adokotala tinaona barium akutsika bwinobwino, kenaka n'kuima pafupi ndi chifu, n'kumangodutsa pang'onopang'ono ngati kaulusi. Chithunzi chongoima chikanatha kuphonya kamphindi kameneko.

Lachiwiri ndi Lachitatu kunabwera amayi ofuna kudziwa ngati machubu odutsa mazira ali otseguka. Pamenepa timalowetsa m'chiberekero madzi okhala ndi iodine, mankhwala amene nawonso amatchinga cheza n'kuoneka pa sikirini, ndipo tisanayambe timatsimikiza kaye kuti mayiyo alibe pakati.

Tsiku limene linanditopetsa ndi Lachinayi, pamene ndinakankhira makina a C-arm, omwe ndi makina a fluoroscopy oyenda pa matayala, kuchipinda cha opaleshoni, komwe ankalowetsa chitsulo m'fupa la ntchafu lothyoka. Adokotala a mafupa ankangoti, "Tionetseninso," ndipo sindiwadzudzula, chifukwa sikirini ndiyo maso awo. Komabe sekondi iliyonse imene phazi langa lili pa chopondera, wodwala akulandira cheza, ndipo china chimamwazika kuchokera m'thupi mwake n'kufikira onse oima pafupi. Ndinachepetsa zithunzi kuchoka pa 30 kufika pa 15 pa sekondi, ndipo pomwe panalibe chosuntha ndinkangowasiyira chithunzi chomaliza pa sikirini. Mkati mwa ntchitoyo wophunzira wina analowa wopanda epuloni ya mtovu yotchinga cheza n'kudzaima m'mbali mwa bedi. Ndinachotsa phazi mpaka atavala, ndipo pambuyo pake ndinamufotokozera kuti munthu akatalikira kawiri mtunda umene anali, cheza chomufikira chimatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ndinamuuzanso za Clarence Dally, amene ankathandiza katswiri wa ku America Thomas Edison pokonza makina a fluoroscopy mu 1896, chaka chimodzi Wilhelm Röntgen atatulukira X-ray. Dally anadulidwa mikono yonse iwiri chifukwa cha zilonda za cheza, ndipo anamwalira mu 1904. Masiku ano malire a cheza chimene ife ogwira ntchitoyi tingalandire ndi mamilisiveti (muyeso wa cheza) 20 pachaka, powerengera pa zaka zisanu.

Lachisanu anatibweretsera mayi amene ankamukayikira kuti matumbo ake akudontha pamene anasokedwa. Pafomu panalembedwa barium, koma titakambirana ndi adokotala tinagwiritsa ntchito iodine wosungunuka m'madzi, chifukwa barium akatayikira kunja kwa matumbo amatupitsa m'mimba moopsa. Iodine anadutsa pamsokopo osataya ngakhale dontho. Unali kutha kwa mwezi, choncho ndisanaweruke ndinamasula kabaji koyeza cheza pachifuwa panga n'kukapereka kuti akakawerenge.