Sitima ya nyukiliya imaima chifukwa cha pulopela ndi timapampu

Anthu akamva za sitima yankhondo yonyamula ndege yoyendera mphamvu ya nyukiliya amaganiza kuti mutu umawawira pa reactor, makina otulutsa mphamvu ya nyukiliyayo. Ayi ndithu. Sitima khumi za gulu la Nimitz ku America zili ndi ma reactor awiriawiri, ndipo amazithira mafuta a nyukiliya kamodzi kokha pa zaka 50 za moyo wake. Ikafika zaka ngati 25 imalowa padoko la Newport News ku Virginia, n'kukhala zaka pafupifupi zinayi akuikonza. Koma ina mwa izo, George Washington, inachedwa: inalowa mu 2017, n'kudzatuluka mu 2023. Reactor ntchito yake ndi kuwiritsa madzi basi. Nthunziyo ndi imene imazunguza matebaini, kupanga magetsi, komanso kuponya ndege m'mwamba. Zimene zimatha msanga ndi zinazo.

Taonani zimene zinachitikira sitima ya Charles de Gaulle ya ku France. Mu November 2000, ili pa ulendo woyeserera panyanja ya Atlantic kulowera ku Norfolk ku America, pulopela ya kumanzere inathyoka, sitima n'kubwerera kudoko la Toulon ku France. Pulopelayo anaiumba ndi mkuwa wosakaniza ndi aluminiyamu, koma poumba munatsala timaenje ta mpweya chapakati. Kunja simungaone kanthu, koma ikamapalasa madzi mwamphamvu mng'alu umayambira pomwepo. Atayeza zinzake anapeza kuti matenda ndi omwewo. Anachita kubwereka mapulopela osungira a sitima zakale za gulu la Clemenceau, ndipo liwiro linatsika kuchoka pa makilomita 50 pa ola kufika cha m'ma 45. Atsopano anadzawaika pa kukonza kwakukulu kwa 2007 mpaka 2008. Zaka zonsezo sitima yanyuwani ikuyendera zitsulo za agogo ake!

Vuto ndi loti masipeyala amenewa sagulitsa m'sitolo. Sitima zake n'zochepa, chipangizo china amapanga ndi kampani imodzi yokha, ndipo ukaitanitsa umadikira miyezi. Ndiye amachita zija amachita makaniko, kuzula pagalimoto ina kuti ina iyende. Mu 2021, pofuna kuti sitima ya ku America ya Gerald R. Ford ikonzekere ulendo, anazula timapampu, zoyendetsera mamota, maswitchi ndi masikirini a zikepe zokwezera katundu pa inzake ya John F. Kennedy, imene inali isanathe n'kumangidwa komwe. Enterprise, imene inayamba ntchito mu 1961 ndi ma reactor asanu ndi atatu, itapuma mu 2012 nangula wake mmodzi anakamuika pa sitima ya Abraham Lincoln. Kwa ine njirayi ndi ngongole chabe, chifukwa sitima yozulidwayo idzafunabe zake, ndipo ntchito yomasula ndi kumanga imagwiridwa kawiri.

Chimene chimatha mwachangu kwambiri ndi chingwe chachitsulo chokola ndege ikamatera. Ndege imafika pa liwiro loposa makilomita 200 pa ola, ngowe ya kumchira kwake n'kukola chingwecho, n'kuima m'masekondi awiri kapena atatu. Mbali yoyalidwa pabwalo amaiwerengera, ikakola ndege pafupifupi 125 amaichotsa ngakhale ikuoneka yabwinobwino, ndipo akaona timawaya tothothoka sadikira nambala. Akatswiri amasintha m'mphindi zochepa ndege zina zikuzungulira m'mwamba. Koma chingwe chatsopano sichithandiza ngati makina a pansi pa bwalo, amene amameza mphamvu ya ndegeyo, sanatcheredwe bwino. Mu March 2016 chingwe chinaduka pa sitima ya Dwight D. Eisenhower ndege ya E-2C Hawkeye ikutera, n'kukwapula asilikali asanu ndi atatu amene anali pabwalo. Ofufuza anapeza kuti panali cholakwika pokonza makina apansiwo.

Ndipo musaseke, pa Ford zimbudzi nazo zimavuta. Mapaipi ake okoka ndi mpweya anachepa poyerekeza ndi anthu oposa 4,000, ndiye amatsekeka kawirikawiri. Kuwatsuka ndi asidi kamodzi kokha, malinga ndi lipoti la mu 2020 la GAO, ofesi yofufuza momwe boma la America limagwiritsira ntchito ndalama, kunali madola pafupifupi 400,000.