Dimba la amayi ndi mbatatesi za ku Dieng

Sabata yatha amalume anabwera kwathu kuno ku Ulongwe pa njinga yawo yakale ija, zala zitauma ndi chisanu cha Julayi. Malonje sanatalike. Atangotsiriza kapu ya tiyi anati, "Mphwanga, pali mkulu wina wa ku Tete akufuna dimba lija la kumtsinje. Ndalama zake n'zooneka. Iwe unayendako kunja, tatiuza, timpatse?"

Dimba limenelo ndi la amayi. Anawasiyira agogo aakazi, ndipo lili kumudzi kwathu kufupi ndi phiri la Domwe. Sindinawayankhe amalume tsiku limenelo. Usiku tulo tinandithawa, maganizo ali ku Java, chilumba cha ku Indonesia, m'kamudzi kena pamwamba pa mapiri a Dieng kumene ndinakhalako masabata 6.

Ku Indonesia ndinapitako pa maphunziro a zaulimi, mumzinda wa Yogyakarta. Kumeneko ophunzira a payunivesite asanamalize amatumizidwa kukakhala m'midzi, zimene amazitcha KKN. Ine ndinatsatira gulu lina chifukwa kafukufuku wanga anali wa mbatatesi. Tinakwera basi mpaka ku Wonosobo, kenako kaminibasi kokwera phiri mtunda wa makilomita pafupifupi 26. Mukadziwa chapa ya ku Tsangano ikadzaza tsiku la msika, ndi yomweyo: matumba, nkhuku, amayi a madengu, kondakitala theka la thupi lili panja. Chigawo chomaliza ndinakwera njinga yamoto ya kabaza, imene iwo amati ojek. Pa kona ina ndinakoka malaya a woyendetsa mpaka batani linadumpha. Iye anangoseka, ine ndinalipira ndi batani lomwe.

Ndinkaganiza kuti Indonesia yonse ndi yotentha ngati Tete wa m'mbali mwa Zambezi. Ndinanama. Dieng ili pamtunda wa mamita oposa 2,000, pafupifupi msinkhu wa nsonga ya Domwe, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti mame amaundana pamasamba m'bandakucha. Alimi amawatcha bun upas, kutanthauza mame a poizoni, chifukwa akagwa mbatatesi zimapserera ngati wazithira madzi otentha. Madzulo banja limene linkandisunga linkaunjikana pa mbaula ya makala kukhitchini, miyendo itatambasulidwa. Ndinamva ngati ndili kwa agogo.

Chinthu choyamba bambo wa panyumbapo, amene tonse tinkangowaitana kuti Bapak, ananditengera kwa mkulu wa mabanja a dera lathulo, amene amati Pak RT. Mlendo akagona pamudzi amayenera kukaonekera pasanathe tsiku limodzi, ndipo m'malo ambiri zimenezi zinalembedwa pa chikwangwani. Sizinandidabwitse. Kwathu mlendo wosaonekera kwa anyakwawa timamuyang'ana ndi diso lina. Chimene chinandigwira mtima ndi kachitini kakang'ono kokhomedwa pakhomo la nyumba iliyonse. Madzulo Ibu, mayi wa panyumbapo, ankaponyamo kandalama kachitsulo. Abambo olondera mudzi usiku ankadutsa n'kutolera, ndipo ndalamazo zinkathandiza pa maliro kapena kugula mababu a mumsewu. Amati jimpitan. Kale ankaikamo mpunga wongotapa ndi zala. Palibe risiti, palibe sitampa, koma msewu wa pamudzipo unali wowala usiku wonse.

Tsopano nkhani ya malo, imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Munda wa Bapak unali waung'ono kuposa dimba la amayi. Unali pa chitunda chotsetsereka moti kwathu tikanangosiyira mbuzi. Anaudula m'masitepe, mzere uliwonse womangidwa ndi miyala, ndipo pamenepo ankakolola mbatatesi za mtundu wa Granola kangapo pachaka, pakatipakati n'kubzala kabichi kapena karoti. M'mphepete munali timitengo ta carica, kapapaya kakang'ono ka kumapiri kamene amakaphika ndi shuga n'kugulitsa m'mabotolo kwa alendo odzaona akachisi akale a Arjuna ndi nyanja ya Telaga Warna. Manyowa a nkhuku ankabwera pa malole kuchokera kumunsi, fungo lake losaiwalika. Madzi ankawapopa ndi injini kuchokera kutali, mapaipi atayalidwa phiri lonse ngati mizu ya kachere.

Tsiku lina ndinawafunsa mwanthabwala kuti, "Bapak, bwanji mundigulitse kachigawo ndikhazikike konkuno?" Anaseka mpaka kutsokomola. Anati ngakhale nditabwera ndi thumba la marupiya, sizingatheke. Lamulo lawo la malo la 1960 limati umwini weniweni, Hak Milik, ndi wa nzika za Indonesia zokha. Mlendo angathe kubwereka, kapena kupatsidwa chilolezo chongogwiritsa ntchito malo kwa zaka zowerengeka, Hak Pakai. Ngakhale atalandira malo a Hak Milik ngati chuma cha masiye, amayenera kuwasiya pasanathe chaka. Alipo azungu amene amagula malo ku Bali polemba dzina la mnzawo wa komweko, koma lamulo siliwadziwa, ndipo mnzawoyo akatembenuka alibe kolirira.

Pakati pa eni dziko, malo amagulitsidwa poyera, ndi satifiketi. Alipo pamudzipo amene anagulitsa kwa anthu a m'tauni omanga nyumba zogona alendo. Bapak anandilozera mmodzi wa iwo akusenza thumba la mbatatesi m'munda wa mnzake, ganyu. "Anagula galimoto," anatero. Sanapitirize, ndipo ine sindinafunse kuti galimotoyo inapita kuti.

Kunalinso malo ena amene sagulitsidwa zivute zitani, otchedwa tanah bengkok. Ndi munda wa mudzi wonse. Mfumu ya mudzi, imene kumeneko imachita kusankhidwa ndi mavoti, imalima mundawo ngati gawo la malipiro ake, ndipo ikachoka pampando imausiya kwa wolowa m'malo.

Kwathu kuno zinthu zili mozondoka. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ya Mozambique ndi ya boma, siigulitsidwa ndipo siikidwa chikole. Chimene tili nacho ndi DUAT, ufulu wogwiritsa ntchito malo. Amayi ali nawo kale ufulu umenewo ngakhale alibe pepala, chifukwa lamulo limavomereza malo olandira mwa mwambo, ndipo umboni wa pakamwa wa anthu a m'mudzi umakwanira. Komabe tonse tikudziwa mmene zimayendera. Papepala amalemba kuti wagulitsa mitengo ya mapichesi, nthochi ndi kachitsime. Nthaka imangotsatira mitengoyo mwakachetechete, ndipo sibwereranso.

Ndisaname, si zonse za ku Dieng zimene ndinasirira. Mankhwala amene amapopera mbatatesi ndi ochuluka zedi, m'mawa mphepo imanunkha. Mitengo anaidula kalekale mpaka pafupi ndi nsonga za mapiri, ndipo ambiri amatsetsereza mizere kutsika phiri kuti madzi asaime pa mbatatesi. Mvula ikagwa dothi limatsika ndi mtsinje wa Serayu n'kukadzaza damu la magetsi la Mrica. Nditaona madzi ofiirawo ndinakumbuka zigwembe zimene zayamba kudya minda ya kwathu. Munthu atha kukana kugulitsa munda wake koma n'kuutaya ndi madzi, khasu lili m'manja.

Ndipo amalume si adyera ayi. Mwana wawo wamkazi wapeza malo a sukulu ku Beira, feteleza wakwera, ndipo mbatatesi za chaka chino ogula a pa Lizulu akuzitchula mtengo wonyoza. Ndalama ya mkulu wa ku Tete uja ingathetse zonsezi mwezi umodzi. Ine ndili ndi malipiro a pamwezi, choncho n'kosavuta kwa ine kunena kuti tisagulitse.

Dzulo ndinawaimbira foni. Ndinati, "Amalume, mkulu uja tim'bwereke dimbalo zaka 3, tilemberane pamaso pa anyakwawa ndi asekeretale, mitengo asadule. Za sukulu ya msuweni wanga ndithandizako theka." Anakhala chete kanthawi, kenako anati munthuyo sakufuna kubwereka, akufuna kumanga nkhokwe ya njerwa.

Loweruka tikukumana tonse kumudzi. Amayi atumiza kale uthenga kudzera kwa mchemwali wanga kuti ndibwere ndi mbewu ya kabichi mapaketi awiri, akufuna kufesa nazale kumunsi kwa dimbalo madzi asanachepe.