Tsiku limene ndinasonkha ndalama zondifunafuna ndekha

Kuno ku Joni foni ya mmphawi imalira kuposa ya nduna. Ine ndine wopenta nyumba, ndimakhala ku Rosettenville, ndipo foni ikalira sindingaisiye, poti mwina ndi adona a ku Randburg akufuna khoma lawo lione utoto. Ndiye umatsika pamakwerero, kupukuta manja pa ovolosi, kuyankha ndi Chingerezi chija umasungira alendo, basi kumva mtsikana wa mawu okoma akukufunsa ngati unayamba waganizapo za tsiku limene udzamwalire. Inshuwalansi ya maliro. Mawa lake wa ngongole, mkuja wa foni ya kontirakiti. Onsewo dzina langa akulidziwa lonse, mpaka lapakati lija limene ngakhale amayi anga anatopa nalo.

Zimenezo ndikanapirira. Chinandipsetsa mtima ndi cha bwana wina wa ku Fourways. Ndinamuimbira kuti ndimuuze mtengo wa ntchito, ndipo nambala yanga itafika pafoni pake, Truecaller, pulogalamu yoonetsa dzina la woimba, inamulembera kuti woimbayo ndi "Penti Wangongole Osayankha". Bwanayo Chichewa sadziwa, koma wamugadeni wake ndi wa ku Mangochi, ndipo anamasulira mosabisa ngakhale liwu limodzi. Truecaller imatola maina m'mafoni a anthu amene amaigwiritsa ntchito, kutanthauza kuti pali Mmalawi mnzanga amene anandisunga ndi dzina limenelo. Ndikumudziwa. Ngongole yakeyo ndinabweza kalekale, kupatula kachidutswa kochepa kamene munthu wopemphera sangakasungire mangawa.

Lamlungu lotsatira ndinaitana mwana wa achemwali anga amene akuphunzira za kompyuta ku Braamfontein. Ndinamuphikira nsima ya ufa wa m'pepala ndi mapazi a nkhuku, kenako ndinamuuza kuti andifufute pa intaneti.

"Amalume, si kufufuta pabolodi ayi," anatero akutsegula laputopu. Anandifotokozera kuti pali makampani amene ntchito yawo ndi kutolera maina, manambala ndi maadiresi a anthu n'kumagulitsa. Ukalemba nambala pa mpikisano wa musitolo, ukatsegula akaunti ya zovala, ukadina "ndavomera" osawerenga, zonse zimakathera kumeneko. Nthawi zina zimachita kubedwa. Anandikumbutsa za mu 2020, pamene kampani ya Experian kuno ku South Africa inanamizidwa ndi tambwali n'kumupatsa mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni, ndi za TransUnion imene akuba a pa intaneti anaithyola mu 2022.

Kenako tinayamba kuyerekeza makampani amene amalipidwa kuti akuchotse kwa ogulitsa mainawo. Apa ndinakhala tsonga ngati munthu amene akusankha ng'ombe pamsika wa ku Lizulu, chonsecho m'thumba muli ndalama ya nkhuku. Woyamba anali DeleteMe, wa ku America, amene amafuna madola oposa 100 pachaka ndipo amakutumizira lipoti la kumene wakuchotsa. Ndinachulukitsa ndi randi m'mutu, mutu unakana, ndinabwereza pakakyuleta, nayonso inandiuza zomwezo. Wachiwiri anali Incogni, wa eni ake a Surfshark, amene amalembera makampaniwo makalata m'dzina lako potsamira malamulo a ku Ulaya ndi a ku America. Pamndandanda wa mayiko ake tinaona America, Canada, Britain ndi a ku Ulaya. Tinatsika mpaka pansi, South Africa osaoneka, za Malawi ndiye musafunse n'komwe. Wachitatu, Optery, anandisangalatsa chifukwa amayamba wakuonetsa mwaulere masamba amene dzina lako likupezeka, koma masamba ake ndi a Spokeo ndi Whitepages, amene amasunga anthu a ku Texas ndi California. Munthu wa ku Ntcheu wokhala kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Rosettenville akapezekamo bwanji?

Mwanayo sanathere pomwepo. Anati mu 2024 bungwe la Consumer Reports ku America linayesa makampani oterewa, n'kupeza kuti patatha miyezi inayi anali atachotsa 35 peresenti yokha ya zimene anayenera kuchotsa, pomwe kulemba wekha kunachotsa pafupifupi 70 peresenti. Ndiye malangizo ake anali akuti ndichite ndekha, kwaulere. Kuno kuli lamulo la POPIA, limene linayamba kuluma mu Julayi 2021, ndipo limakupatsa mphamvu youza kampani kuti ifufute za iwe ndi kusiya kukutsatsa malonda, ikakana ukaisumire kwa Information Regulator, ofesi yoyang'anira lamuloli. Kuli kaundula wa DMASA, bungwe la makampani otsatsa malonda, wa anthu osafuna kuimbiridwa. Nayo Truecaller ili ndi tsamba lochotserapo nambala yako.

"Koma muzilemba maimelo, amalume, kampani iliyonse payokha, ndipo muzidikira."

Ine zaulere sindizikhulupirira, ndipo kudikira ndinakusiya ku Mwanza pabodala. Ndinamuthokoza, ndinamupatsa ya takisi.

Lachiwiri ndikudutsa pafupi ndi renki ya Bree, ndinaona kapepala pamtengo wa magetsi, pakati pa ka sing'anga wobweza mkazi wothawa ndi ka wochulukitsa ndalama. Kanalembedwa kuti amafufuta munthu pa intaneti yonse, tsiku lomwelo, R600 basi. Poyerekeza ndi madola aja ndinaona kuti Mulungu wayankha.

Ofesi yake inali pamwamba pa nyumba ina kufupi ndi Small Street, kuseri kwa saluni, moti pokwera masitepe umapuma fungo la tsitsi lopsa. Munali tebulo, mpando umodzi wa miyendo yokwanira, ndi mnyamata wa tayi wofiira. Anandipatsa fomu ya masamba awiri. Dzina lonse, tsiku lobadwa, kumene ndikukhala, kumene ndimagwira ntchito, banki, dzina la amayi, mudzi, mfumu. Anajambula pasipoti yanga, anandijambulanso ine nditainyamula pachifuwa. Nditafunsa kuti zonsezi n'zachiyani, anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti dokotala sangachotse dzino asanadziwe kuti ndi liti. Zinandimvekera zanzeru ndithu.

Kenako anatenga foni yanga n'kuyamba kudina mothamanga lilime lili panja. Patapita kanthawi anandibwezera ili mbee, yoyera ngati yatsopano. WhatsApp anaitseka akaunti yonse, Facebook chimodzimodzi, manambala onse anasesa. Simu yanga yakale anaithyola pakati ine ndikuona, n'kundipatsa ina yolembetsa kale, ati za RICA, lamulo lolembetsa masimu, musadandaule. Nambala yatsopanoyo anailemba bwinobwino pamwamba pa fomu ija, n'kuika fomuyo mudirowa.

"Kuyambira lero," anatero, "palibe angakupezeni."

Mnyamatayo pa mawu amenewa sananame.

Madzulo omwewo kapitawo wina anandinyamula kupita ku Centurion, kukapenta chinyumba chachikulu, kugona komweko mugalaja mpaka ntchito ithe. Foni inali zii. Ndinkapenta ndikuimba nyimbo zakwaya, osatsika pamakwerero ngakhale kamodzi. Usiku ndinati ndiwauze akazi anga kumudzi za ufulu wangawu, ndipo apa m'pamene ndinazindikira kuti nambala yawo ndimaidziwa kuti imayamba ndi 099, kutsogoloko ndi nkhalango. Ya achemwali, ya mlamu, ya abusa, zonse zinkakhala mufoni, m'mutu munali ya ine ndekha, yomwe inathyoledwa ija. Ndinadzilimbitsa mtima kuti ndikabwerera ndikatenga kwa anzanga kutchalitchi.

Foniyo inadzalira ndithu tsiku lina masana. Ndinatsika mothamanga mpaka kugwetsa chitini cha utoto, ndili ndi chimwemwe choti wina wandikumbuka. Anali mtsikana wa inshuwalansi ya maliro. Ulendo uno anatchula dzina langa lonse, mudzi wathu, ndipo anafunsa ngati ndingakonde kuwalembetsanso amayi, n'kuwatchula dzina lawo lenileni. Ndinacheza naye nthawi yaitali ndithu, poti panalibenso wina wondifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Zimene zinkachitika kunjako ndinadzazimva pambuyo pake. Munthu ukatseka akaunti ya WhatsApp umatuluka m'magulu onse nthawi imodzi. Ndiye tsiku limodzi lomwelo gulu la banja linaona kuti ndachoka, la tchalitchi ndachoka, la chipereganyu ndachoka, la anyamata akwathu okhala ku Joni ndachoka. Chithunzi changa chazimiririka, Facebook kulibe, nambala sikulowa, chitseko cha kachipinda kanga chili ndi loko. Mlamu wanga anajomba kuntchito n'kukwera mpaka ku Krugersdorp kukafunsa ku Lindela, kumene amasungira anthu odikira kubwezedwa kwawo. Ena anazungulira zipatala. Wina wa ku Park Station analumbira kuti anandiona ndikukwera basi ya ku Cape Town ndi mayi wonenepa. Kumudzi amayi anasiya kudya.

Ndinabwerera Lamlungu, mu Julayi, kuzizira kwa Johannesburg kuja kolowa mpaka m'mano. Ndinavala chipewa chofika m'maso, sikafu kukamwa, ndevu zodzaza utoto woyera, n'kulunjika kutchalitchi kwathu ku Turffontein. Mapemphero anali atatha, koma anthu anali akadali muholo, nkhope zili zakugwa. Pakhomo panali kamnyamata kobwera kumene kuchokera kumudzi, kali ndi kope ndi mbale.

"Bambo, tikusonkha. M'bale wathu wina wasowa."

Kuno nkhani yotere sitiseka nayo, lero ndi mnzako mawa ndi iwe. Ndinatulutsa R50, kanalemba, ndinakakhala kumbuyo. Kutsogolo mkulu wampingo ankafotokoza za wosowayo kuti anali munthu wofatsa, wolimbikira ntchito, ngakhale kuti pa nkhani ya ndalama za anzake anali ndi kofooka kake monga tonsefe. Ndinagwedeza mutu, poti anthu otere ndimawadziwa. Ndinakodola mayi amene anali patsogolo panga.

"Pepani mayi, wasowayo ndani?"

Osacheuka, anandipatsira foni yawo chakumbuyo. Panali ine, nditavala suti ya pa ukwati wa mlamu, pansi pake atalemba kuti aliyense amene wamuona munthuyu aimbe nambala iyi. Ndinatsitsa sikafu kuti ndione bwino, mayiwo n'kucheuka.

Kukuwa kwake ndikukumvabe. Mipando inagwa, amayi a chigwirizano anathawira kuguwa, kamnyamata ka mbale kanatuluka ndi mbale yomwe. Mlamu wanga anabwera pang'onopang'ono, anandigwira tsaya, utoto unatsalira kuchala kwake, ndipo atatsimikiza kuti ndine wamoyo anandiuza mtengo wa takisi ya ku Krugersdorp, kupita ndi kubwera, kuphatikiza tsiku limene anadulidwa kuntchito. Nditapempha R50 yanga, msungichuma anati zolowa m'kope sizituluka popanda komiti. Chipereganyu nacho, mwezi umenewo unali wanga, koma poona kuti ndatuluka m'gulu anapatsa wotsatira.

Mwana wa achemwali uja sananene zambiri. Anandibwezeretsera Facebook, poti ikatsekedwa imadikira masiku 30 isanafufutike, anachotsa nambala yakale pa Truecaller, n'kuyamba kundilembera maimelo a POPIA aja ndili chete pambali pake. Za pasipoti yojambulidwa ija anati tipite kupolisi tikalembetse, komanso tizifufuza ngati wina sakutenga ngongole m'dzina langa, poti lamulo limalola kuona lipoti lako la ngongole kwaulere kamodzi pachaka. Titapita kuseri kwa saluni kuja tinapeza mukugulitsidwa mawigi.

Chotsala chinali kuimba kumudzi. Amayi analira, anaseka, kenako anandiuza kuti mbuzi yanga yaikulu ija anagulitsa kuti akaombeze. Atatero anapereka foni kwa akazi anga, amene sanalire ngakhale pang'ono.

"Bambo ake, mwapezeka?"

"Ndapezeka, mayi. Inali nkhani ya intaneti, ndikufotokozerani."

"Musavutike. Asing'anga anatiuza kale. Anati muli moyo, muli chakumpoto kwa Joni, m'nyumba yaikulu ya mkazi woyera, ndipo mukugona komweko. Ndiye ndingofunsa, Centurion ili mbali iti?"

Ndinayang'ana mwana wa achemwali kuti andithandize. Iye anatsegula mapu pafoni, anayang'ana, n'kundiuza chapansipansi kuti, "Kumpoto, amalume."

"Ndamva," anatero akazi anga. "Nanga mwini nyumbayo ndi bambo kapena mayi?"