Sindinalire ku New Orleans, Unali Tsabola

Popeza kanema uja wondionetsa ndikutuluka misozi m'malo odyera ku New Orleans, ku America, wafika kale pa gulu la WhatsApp la banja lathu, ndipo ndamva kuti azakhali a ku Salima amuonetsanso amayi anzawo a Chigwirizano atatuluka m'mapemphero, ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze ndekha zimene zinachitika, chifukwa alamu anga amene anajambula kanemayo anayambira pakati pa nkhani, ndipo anachita zimenezi mwadala. Madzi amene mukuwaona akutsika m'masaya mwangamo ndi misozi ndithu, sindikukana, koma munthu aliyense amene anadulapo anyezi akudziwa kuti kutuluka misozi ndi kulira ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndikuvomera kuti m'galimoto ndinalankhula kwambiri. Kuchokera ku Houston, kumene achemwali ndi alamu amakhala, kukafika ku New Orleans ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 560, ndipo munthu sungakhale chete ulendo wonsewo. Tili pamlatho wautali wa Atchafalaya, umene umayenda pamwamba pa madambo kwa makilomita 29, alamu anayamba kundichenjeza za chakudya chimene tikachipeze, makamaka tinkhanu tina totchedwa crawfish, timene anthu a ku Louisiana, chigawo chimene kuli New Orleans, amatikonda ngati mmene ife timakondera ngumbi mvula ikagwa. Anati ambiri mwa tinkhanuti amatiweta m'minda ya mpunga, m'madzi opanda mchere, ndipo popeza unali mwezi wa April, tinali titafika pakati penipeni pa nyengo yake. Nditamva za mpunga ndi madzi opanda mchere ndinaseka kwambiri, n'kuwakumbutsa kuti akulankhula ndi mwana wa ku Nkhotakota, amene anakulira pakati pa nyanja ndi madambo a mpunga wa faya, munthu amene amatha kuchotsa minga ya mpasa ndi lilime lokha magetsi atazima. Ndinanenanso, ndipo mawu amenewa ndi amene ndikanakonda nditawabweza, kuti chilichonse chotuluka m'madzi chimandidziwa dzina.

"Achimwene, kwa eni n'kwa eni," anatero achemwali osatembenuka n'komwe.

Malo odyera amene tinalowa Loweruka masana analibe ulemerero uliwonse. Matebulo anali oyalidwa mapepala, pakati pa tebulo lililonse panali mpukutu wa mapepala opukutira m'manja ndi ndowa yaing'ono yopanda kanthu, ndipo ndowa imeneyi ndikanaiganizira mofatsa, nkhani yonseyi sikanakhalapo. Tinkhanuto amagulitsa pa sikelo. Alamu anaitanitsa mapaundi 3, achemwali 2, ndipo ine, pofuna kuti mbiri ya kwathu isanyozeke, ndinati 5, zomwe ndi makilogalamu awiri ndi kakusefukira. Mtsikana woperekera zakudya atafunsa za tsabola, ndinamuuza kuti athire wochuluka mmene angathere, chifukwa munthu woleredwa ndi kambuzi saopsezedwa ndi tsabola wa ku America. Mtsikanayo anandiyang'ana monga mmene namwino amayang'anira wodwala amene wakana kugonekedwa m'chipatala, kenaka analemba.

Podikira anatibweretsera ma oyster 6, tinyama ta m'nyanja tokhala m'zigoba ngati nkhono, atagona pa madzi oundana, aliyense m'chigoba chake chotsegula. Ndinadikira mwaulemu kuti awatenge akawaike pamoto, koma alamu ananyamula chigoba chimodzi, kufinyiramo ndimu, kudonthezeramo tsabola wamadzi wa Tabasco, n'kumeza. Nanenso ndinachita chimodzimodzi. Sindikufuna kukhalitsa pa mfundo imeneyi chifukwa ena mukuwerenga muli pachakudya, koma ndingonena kuti zinali ngati ndameza chimfine cha munthu wina, chozizira, chothira mchere. Ndinagwedeza mutu kusonyeza kuti ndakhutira, ndipo wachiwiri ndinawasiyira achemwali chifukwa cha chikondi.

Tsopano apa ndi pamene pali mlandu wa anthu awiriwa, umene kanema uja sakuuonetsa. Thireyi yanga isanafike, alamu anakumbukira kuti nthawi imene analipira poimika galimoto ikutha, n'kutuluka, ndipo achemwali ananyamuka kukayankha foni ya kuntchito panja. Motero chakudya chinandipeza ndili ndekha, mlendo wa masiku 9 m'dziko la eni. Unali mulu wofiira wofuka nthunzi, wosakanikirana ndi zidutswa za chimanga chachiwisi, mbatatesi ndi adyo wamphumphu, ndipo kanyama kalikonse pamuluwo kanali ndi maso awiri akuda, ndevu zazitali, ndi zopanira ziwiri ngati chinkhanira chimene chavala yunifomu ya chipani.

Ndikupempha kuti muone kuganiza kwanga, chifukwa sikunali kopusa ayi. Kwathu lamulo la zakudya zing'onozing'ono ndi lodziwika kwa mwana aliyense: usipa timadya ndi mutu womwe, bonya sitimusenda, matemba sitiwachotsa minga, ndipo mbewa imalowa yonse kupatula ndodo imene yabwerapo. Chiwala chokha ndi chimene timachichotsa miyendo ndi mapiko. Nditayang'ana kanyamako ndinaona kuti m'banja la zakudya kakuyandikira chiwala, choncho ndinathothola zopanira ziwiri zija, n'kuziika pambali mwaudongo, ndipo kotsalako ndinakalowetsa m'kamwa konse, kuyambira kumutu.

Phokoso limene linatuluka nditaluma koyamba ndi lija limamveka kuchigayo mwala ukalowa pamodzi ndi chimanga, pamene mwini chigayo amathamanga kukazimitsa injini. Ine ndinalibe pozimitsira. Chigoba chinasweka m'tizidutswa takuthwa ngati ta botolo, msuzi wotentha unathovokera kukhosi, ndipo ndevu ziwiri za kanyamako, zimene zinakana kulowa, zinatsala kunja, ina mbali iyi ya mlomo ina mbali inayo, moti nsagwada zikamayenda nazonso zinkagwedezeka ngati za kampango amene wangokokedwa kumene mu ukonde. Patebulo loyandikana nalo panali kamnyamata ka zaka ngati 6, kamene kanasiya kudya, chimanga chili m'manja, n'kundiyang'anitsitsa kukamwa kuli yasa. Kulavula sindikanatha, chifukwa mwamuna wa zaka 46, mkulu wa mpingo, amene ali ndi ana ku sekondale, salavula chakudya mwana akuona. Ndinapitiriza kutafuna. Ndinatafuna mpaka ndinakumbukira anthu onse amene ndili nawo ngongole, ndinatafuna mpaka ndinayamba kuwerengera ndalama zimene banja lingawononge ponyamula mtembo kuchoka ku Louisiana kukafika pa bwalo la ndege la Kamuzu, ndinaganiziranso amene angayankhule m'malo mwa akubanja ndi mmene angafotokozere mpingo chimene chinandipha. Nyimbo imene inkamveka m'chipindamo inatha, ina inayamba, ine ndikadali pa kanyama koyamba. Potsiriza ndinatseka maso n'kumeza, ndipo ndinakamva kakutsika pang'onopang'ono, kakukanda khoma lililonse ngati mphaka amene akumukokera kunja.

Nditatsegula maso, kamnyamata kaja kanali kakundiyang'anabe. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndimachiona kuti chinali cha ulemu, ngakhale achemwali amati chinali cha misala: pofuna kuti mwanayo asaganize kuti ndalakwitsa, koma adziwe kuti kumene ndimachokera timadya chomwechi, ndinatenga kachiwiri. Pamene alamu ankalowa n'kuti ndili pa kachinayi, ndipo m'malo mondigwira dzanja monga mmene mlamu woopa Mulungu akanachitira, anapisa m'thumba n'kutulutsa foni.

Kuyambira pamenepa mwaonera nokha, koma simukudziwa chimene chinkachitika m'kati. Tinkhanuti amatiwiritsa m'chimphika cha madzi odzaza tsabola wofiira wa cayenne, mchere, ndimu ndi adyo, kenaka amatisiya m'madzimo kuti timwe, kotero kuti ukali wonse umakhala pachigoba ndi m'mutu, malo awiri enieniwo amene ine ndinkatafuna. Kambuzi amakumenya pomwepo n'kukusiya, koma uyu amayamba mwaulemu ngati mlendo, kenaka amaitana abale ake. Thukuta linayamba kutsika kuchokera padazi, dontho limodzi linalowa m'diso lamanja, ndipo ine, mosaganiza, ndinalipukuta ndi chala. Diso litayaka moto, ndinathamangira kulithandiza ndi dzanja lamanzere, limene linalakwitsa njira n'kuyambira diso linalo.

Mayi wachikulire amene mukumuona akulowa mu kanemayo ndi agogo ake a kamnyamata kaja. Anabwera n'kundigwira paphewa, akunditchula ndi mawu a Chingelezi amene amatchulira khanda, ine wadazi ndi imvi m'ndevu, ndipo anafunsa kumene ndachokera. Achemwali, amene anali atangolowa, anayankha kuti ku Malawi, kutali kwambiri, ndipo ndi ulendo wanga woyamba. Mayiyo anagwedeza mutu momvetsa, nanena kuti kusowa kwanu ndi matenda oopsa, kenaka anandikumbatira mutu wonse. Manja amene mukuwaona ndakweza m'mwamba ngati ndagwidwa ndi apolisi aja sikuti ndinkapemphera, monga mmene azakhali akufalitsira. Ndinkaopa kumupaka tsabola pa bulauzi yoyera. Ndipo mawu amene akumveka ngati ndikuitana amayi anga, ndinkati "madzi". Mtsikana woperekera zakudya uja anabwera ndi kapu ya mkaka ndi kansalu, ndipo ndinakhala mphindi zingapo nditayang'ana kudenga, mkaka ukutsikira m'makutu, anthu osawadziwa akundilimbikitsa kuti ndidzazolowera moyo wa kunja.

Maso atayamba kuona, mayi uja anakhala pampando wa alamu n'kundiphunzitsa monga mwana wa sitandade 1. Umagwira mutu ndi dzanja limodzi, mchira ndi linalo, n'kupotokola mpaka zilekane. Ukafuna umayamwa msuzi wa m'mutumo, kenaka umasenda timagawo tiwiri ta chigoba, kutsina kunsonga kwa mchira, ndipo kamnofu kamasololoka kokha. Kamnofu kameneko, abale anga, n'kosaposa kachala kanga kakanise. Zina zonse zimapita mu ndowa ija. Ndinayang'ana mulu wa mapaundi 5, ndinayang'ana ndowa, ndipo ndinazindikira kuti m'dziko lino munthu amalipira makilogalamu awiri kuti adye zodzaza chikhatho chimodzi, pamene ine ndekha m'chipinda chonsecho ndi amene ndinayesa kudya zonse zimene ndinalipira.

"Safunsa anadya phula, achimwene," anatero achemwali akupukuta misozi yawo, imene inali ya kuseka, "koma inu mwadya phula ndi mng'oma womwe."

Madzulo ake tinapita kumalo odyera a chi Creole, kaphikidwe ka makolo a mumzindawu, ku French Quarter, dera lakale la New Orleans, kwa nsalu zoyera patebulo ndi operekera zakudya ovala mataye, ine maso ali psuu ngati ndachokera ku kachasu. Kumeneko mtima unakhalako pansi, chifukwa gumbo imene anatipatsa, msuzi wokhathamira wa bulauni wothira pa mpunga, inali ndi therere lobala loduladula, ndipo bambo woperekera zakudya anafotokoza kuti ambiri amati dzina lakelo linachokera ku mawu a ku Africa otanthauza therere, amene anawoloka nyanja ndi anthu ogwidwa ukapolo, pamene kakazingidwe ka ufa m'mafuta mpaka ude, kamene kamalimbitsa msuziwo, n'kochokera kwa Afalansa amene anakhazikitsa mzindawu mu 1718. Ndinawauza alamu kuti tayenda ulendo wonsewu kudzadya therere ndi supuni, lopanda nsima, pa mtengo woti kwathu ungagule mbuzi yaing'ono. Komabe ndinene zoona, linali lokoma kwambiri, ndipo ndinapukuta mbale ndi buledi.

Kenaka kunabwera nkhanu yokazinga, yathunthu, miyendo ili tambalala pa mbale. Ine amene ndinali nditaphunzira phunziro langa masana, ndinapinda malaya, n'kuyamba kuisenda mosamala ngati dokotala wa opaleshoni. Chigoba chake chinali chofewa modabwitsa ndipo chinkakanirira ku mnofu, koma ndinalimbikira kwa mphindi 20, ndikuunjika zosendazo m'mbali mwa mbale, mpaka panatsala kanthu kooneka ngati phala la mwana. Bambo wa taye uja anafika, anayang'ana ntchito yanga kwa kanthawi, kenaka anawerama n'kundinong'oneza mwaulemu waukulu kuti nkhanu imeneyi amaigwira itangofundula kumene chigoba chakale, chatsopano chisanalimbe, ndipo imadyedwa yonse, ndi miyendo yomwe.

Ndikufuna amene mukundiseka mundiuze chimene munthu angachite mumzinda umene masana amakuletsa kudya chigoba, madzulo n'kukudabwa kuti chigoba wachisiyiranji. Njira imene ndinagwiritsa ntchito masana inali yolondola; inangofulumira ndi maola 7.

Lamlungu m'mawa tisananyamuke tinadya ma beignet pafupi ndi bwalo la Jackson Square, amene kwenikweni ndi mandasi a makona anayi okwiriridwa mu shuga wa ufa, ndipo ndinapumira pa loyamba nditavala malaya akuda, koma zimenezo zimachitikira aliyense. Kukhosi kunandikanda mpaka Lachitatu. Alamu akuti ali ndi kanema wachiwiri, wa nkhanu ija, ndipo akudikira kuti ndikwere kaye ndege.